Tchuthi cha Isitala Kwathu ku Bandawe

Anzanga ambiri pano pa sukulu, makamaka a ku Dowa, ku Ntchisi ndi ku Dedza, amayesa kuti ife a kunyanja tikapita ku tchuthi tiribe ntchito ina koma kusambira ndi kudya nsomba. Tsono popeza akonzi a magazini yathu apempha kuti yense alembeko za kwao, ine ndifuna kukusimbirani m'mene tinakhalira masabata awiri a tchuthi cha Isitala chapitachi, kuti muone kumene zimachokera ndalama zondisunga pa sukulu ino.

Kwathu ndi ku Bandawe, m'boma la Nkhata Bay, pang'ono kumwera kwa Chintheche. Munthu wochokera ku Salima pa mseu wa M5 amayamba wapitirira Nkhotakota, Dwangwa, Tukombo ndi Kande, ndipo akaona mitengo ikuluikulu ya mango, minda ya chinangwa ndi nyanja ku dzanja lamanja, adziwe kuti wafika. Ndife Atonga. Atate timawaitana "ada," amai "ama," ndipo mukatifunsa kuti "Mwe uli?" tidzayankha kuti "Nde umampha." Pamene kwanu mvula ikutsazika, kwathu m'miyezi ya Marichi ndi Epulo ndi pamene imagwa kolimba, kotero ndinapeza njira zonse ziri matope ndi mitsinje itadzaza.

Kunyanja ntchito zimayendera mwezi wa kumwamba. Asodzi a usipa amasodza usiku ndi nyali, pakuti nsombazi zimathamangira kuwala. Koma mwezi ukawala nyali zija sizioneka mphamvu yache, ndipo usipa umabalalika. Aphunzitsi athu a Baibulo anatiuza kuti Isitala imadza Lamulungu loyamba mwezi utakhala wathunthu, kuwerenga kuyambira pa 21 Marichi. Chifukwa chache chaka ndi chaka sabata ya Lachisanu Loyera ndi sabata ya mwezi wowala, ndipo amuna amene masiku ena amachezera panyanja ndi kugona usana, sabata imeneyo amagona m'nyumba zao. Kwa ine wokhala kutali imeneyi ndi mphatso yaikulu, pakuti ndimawapeza ada ali maso.

Sabata yoyamba ija sitinangokhala iai. M'mawa ine ndi mlongo wanga tinali kutsagana ndi ama kumunda kukakumba chinangwa. Chinangwa chathu chambiri ndi chowawa, ndipo munthu akachidya chosakonza angathe kudwala, ngakhale kufa kumene. Tsono timachisenda ndi kuchiviika m'madzi masiku atatu kapena anai kufikira chitafewa ndi kutaya kuwawa kwache. Pamenepo timachiyanika pa thandala, ndipo chikauma ama ndi mlongo wanga amasinja ufa wa kondowole. Ntchito yanga inali kusenza mitanga ndi kuthamangira kukaanula mitambo ikada. Inu amene simunalawe kondowole wa usipa wauwisi ndi chigwada musafulumire kuseka. Mitanda iwiri imamsunga munthu kuyambira masana kufikira mawa. Dzuwa likapendeka ndinali kukhala ndi ada ndi antchito ao patsinde pa mango, iwo akusoka ukonde wa chilimira, ine ndikumata ming'alu ya bwato ndi phula.

Madzulo, mwezi uli mbee, tinali kusonkhana pabwalo kumvera agogo amuna, amene amadziwa mbiri ya kwathu koposa buku lathu la Fomu 2. Mishoni ya Livingstonia inayamba ku Cape Maclear mu 1875, koma malungo anavuta kumeneko, ndipo mu 1881 Dr Robert Laws anaisamutsira ku Bandawe. Masiku amenewo Atonga anali kukhala m'malinga poopa nkhondo ya Angoni, ndipo sukulu anailandira ndi manja awiri. Mu 1894 Laws anakwera ku Khondowe kumene kuli Livingstonia lero, koma sukulu za kunyanja sizinaleke. Vuto linali lakuti anyamata odziwa kuwerenga ndi kulemba sanapeze ntchito yokwanira kwao, tsono ambiri anauyatsa ulendo wa pansi kunka ku Salisbury, kumene lero ndi Harare, ku Bulawayo ndi ku Johannesburg. Mmodzi wa iwo anali Clements Kadalie wa m'mudzi wa Chifira, pafupi ndi kwathu. Iyeyu anaphunzira ku Livingstonia, ndipo mu 1919 anayambitsa ku Cape Town bungwe la antchito lotchedwa ICU, limene linamveka mu South Africa monse. Anamwalira ku East London mu 1951, kutali ndi nyanja ya kwao.

Agogo amanyadira anthu otere, komanso amati, "Mishoni inatiphunzitsa kulemba kalata, koma ambiri atafika kutali anaiwala kumene kalatayo iyenera kupita." Amene anapita osabweranso timawatcha matchona, ndipo ndi mabanja owerengeka kwathu amene alibe mtchona wao. Ponena mau awa agogo sanatchule munthu, koma tonse tinakhala chete, pakuti mkulu wanga ali ku Johannesburg chaka chachinai tsopano. Amatiimbira foni ndi kutumiza kandalama akapeza, koma mwana wache amene anabadwa iye atachoka wayamba kuthamanga ndi kulankhula asanagwidweko m'manja mwa atate wache.

Lamulungu la Isitala tchalitchi chathu cha CCAP chinadzaza, ena nakhala panja pansi pa mazenera. Amai a Umanyano, amene anzanga a Sinodi ya Nkhoma mumawadziwa ndi dzina la Chigwirizano, anakhala mbali imodzi atavala zoyera ndi zakuda, ndipo makwaya a m'midzi anaimba mosinthana m'Chitonga kufikira dzuwa litafika paliwombo. Lolemba anyamata a kwathu anamenya mpira ndi a ku Kande. Bwalo linali loterera, kotero amene anagwa anachuluka koposa amene anagoletsa, ndipo anthu anabwerako akuseka njira yonse. Gule wathu wa malipenga sindinamuone, pakuti nyengo yache ndi ya chilimwe, mabwalo atauma.

Koma msonkhano umene unakoka anthu koposa mpira ndi umene amfumu ndi komiti ya asodzi anaitanitsa pagombe Lachitatu. Anyamata ena anagwidwa akukoka masikito, omwe aja amaperekedwa kuti tidziteteze kwa udzudzu, ndipo m'madengu mwao munali kasawala, ndiye ana a chambo, ena osafika ngakhale utali wa chala. Amai wina anaimirira nawadandaulira, nati njala siidziwa lamulo, ndipo ana ameneo alibe ndalama zogulira ukonde weniweni. Ada anayankha kuti njala akuidziwa, koma chambo chimene iwo anali kupha ali mnyamata sichionekanso chotero, ndipo wodya kasawala lero akudya mbeu ya chaka cha mawa. Anakambirana nthawi yaitali. Pomaliza masikito aja anatenthedwa, koma eni ake a chilimira awiri analonjeza kuwalemba anyamatawo ntchito yopalasa, kuti asabwerere kwao chimanjamanja.

Pamenepa n'kuti mwezi utayamba kuchedwa kutuluka, ndipo asodzi anabwerera panyanja. Ada anandilola kupita nao usiku uwiri. Chilimira chimafuna anthu ambiri ndi mabwato atatu. Patsogolo pamapita katswiri amene timamutcha siginala, ali m'bwato lokhala ndi nyali. Agogo amati kale anali kuyatsa miuni, pambuyo pache kunadza nyali za parafini, koma lero ndi mababu a batire. Siginala amadikira mwakachetechete kufikira usipa utaunjikana pansi pa kuwala, ndipo akakuwa, mabwato ena aja amaponya ukonde namzinga, nayamba kukoka zingwe. Usiku woyamba tinaponya kasanu ndi kubwerako ndi ndowa ziwiri zokha, manja anga ali matuza okhaokha. Usiku wachiwiri Mulungu anatikomera mtima ndipo bwato linalemera. M'bandakucha amalonda opita ku Mzuzu ndi ku Lilongwe anali atafika kale pagombe. Wotsala ama anauyanika pa thandala, koma masana kunagwa mvula, tsono anachita kuufutsa msanga kuti ungaole.

Usiku wotsiriza ada anaitana ama, agogo ndi atsibweni, ndipo kwa nthawi yoyamba anandiuza kuti nanenso ndikhale nao. Anaika ndalama za usipa pamphasa nazigawa milu: wa antchito, wa ulusi wosokera ukonde, ndi wa ine, ndiwo wa malo ogona kusukulu, ulendo, sopo ndi makope. Mulu wachinai unali wa injini ya boti imene ada akhala akuisungira zaka zitatu, kuti azifika kutali kumene usipa umachuluka. Nkhani inali ya mlongo wanga amene ali mu Sitandade 8 ndipo amakhoza bwino. Akasankhidwa kupita ku sekondale yogonera komweko, ndalama zache zidzachokera kuti?

Atsibweni anati mtsikanayo ayambe wadikira kuti ine nditsirize Fomu 4, kapena ine ndikangolemba mayeso nditsate mkulu wanga kuti ndizithandiza. Ama anakana, nati mtsikana akadikira chaka chimodzi pagombe, wobwera kudzamtenga sakhala mphunzitsi. Agogo anati mdzukulu mmodzi ku Johannesburg wakwana. Ada anakhala chete nthawi yaitali, kenaka anatenga mulu wa injini uja nauika m'manja mwa ama. Anati, "Nkhafi sizinandiphe zaka zonsezi, ndipalasabe. Onse awiri aphunzire." Kwa ine anangonena mau amodzi, kuti kulikonse kumene maphunziro adzanditengere, Isitala izindipeza ndiri pakhomo.

Anzanga okondedwa, ndikhulupirira kuti yense wa ife ali ndi mulu wache pamphasa ya kwao. Kwa wina ndi fodya, kwa wina mtedza kapena mbatata, kwa wina mandasi amene amai ache amakazinga tambala asanalire. Pa tchuthi chirinkudzachi pemphani makolo anu kuti akuonetseni m'mene ndalama zanu zimapezekera, ndipo gwirani nao ntchitoyo ndi manja anu, ngakhale masiku awiri okha. Maphunziro adzatitengera ena ku Zomba, ena ku Mzuzu, ena kunja kwa dziko, ndipo kumeneko si kulakwa. Koma akulu anati kwanu n'kwanu, m'thengo mudalaka njoka. Ine ndatsala ndi chaka chimodzi ndi teremu imodzi kuti ndilembe mayeso a MSCE, ndipo masiku onsewo ada adzakhala akupalasa ndi nkhafi.

Mnyamata wa Fomu 3