Mukupita Kukatani ku Liwonde?

Thabwalo linabwera ndi a transipota ochokera ku Joni, litakulungidwa m'bulangete limodzi ndi mafuta ophikira, sopo ndi ketulo ya amayi. Achimwene anga amasamalira maluwa pa nyumba ina ku Cape Town, ndipo mwana wa abwana awo atatopa nalo, iwo analipempha. Pa voice note anangoti, "Mphwanga, ndakutumizira galimoto. Siimwa mafuta." Amayi analitembenuza uku ndi uku, n'kupukusa mutu. "Ana a anzanga akutumiza malata, wanga watumiza thabwa lodulirapo anyezi."

Linali longboard, mkulu wake wa skateboard: lotalika pafupifupi mita imodzi, mawilo ake akuluakulu ndi ofewa, opangidwira kuyenda mtunda osati kudumphadumpha. Nthawi imeneyo n'kuti nditatha zaka ziwiri ndili pakhomo ku Chinamwali chimalizireni koleji. Amene munadutsamo mu ulova mukudziwa mmene tsiku limayendera. Kudzuka, kusesa, kugula bundle, kutsegula imelo, kupeza mulibe kanthu, kugonanso. Ma CV ndinatumiza mpaka ndinasiya kuwerenga. Chimene chinkandiopsa kwambiri sikunali kusowa ndalama ayi, koma kuti ndinayamba kuzolowera. Sabata yathunthu inkatha ndisanapitirire pa golosale ya pakona.

Ndinayamba kuphunzira usiku, kuopa kusekedwa, pa kamsewu kena kosalala. Ndikabwerako, mawondo atasupuka, ndinkaonera pa YouTube anthu oyenda maulendo ataliatali pa matabwa ngati langali. Rob Thomson wa ku New Zealand anayenda makilomita 12,159, kunyamuka ku Leysin ku Switzerland mu 2007 n'kukafika ku Shanghai mu 2008, mpaka dzina lake linalowa m'buku la Guinness. Dave Cornthwaite wa ku Britain anadutsa Australia kuchokera ku Perth mpaka ku Brisbane, makilomita 5,823. Kenako ndinapeza nkhani ya Alastair Humphreys, amene atatha zaka zinayi akuzungulira dziko lapansi pa njinga, anayamba kulimbikitsa timaulendo tating'onoting'ono timene amatitcha ma microadventure: uweruke ntchito 5 koloko madzulo, ukagone paphiri lapafupi, 9 koloko m'mawa ukhale uli mu ofesi. Ndinaseka ndekha mumdima. Kuti munthu aweruke, ayambe wapeza kaye ntchito. Koma ganizolo linandikakamira ngati chisoso pa thalauza.

Ndinasankha Liwonde. Ndi makilomita 50 ndi kena kuchokera ku Zomba pa msewu wa M3, msewu umene ndinauyendapo pa minibasi kosawerengeka, nthawi zonse maso ali pa foni. Ndinakonza zoti ndiyende masiku awiri, ndikagone kwa azakhali ku Malosa.

Amayi sanaseke ulendo uno. "Msewu umenewu wadya anthu oyenda bwinobwino m'mbali. Iwe ukufuna ukaime pa thabwa? Nanga anthu adzati chiyani? Adzati sukulu yamuzunguza mutu, kapena wayamba chamba." Ndinalonjeza kuti ndiziimba paliponse pamene ndapumira, ndipo ndinabwereka helimeti kwa mnzanga wa kabaza. Sanavomere. Anangowotcha mbatata zinayi usiku, n'kuziika pa tebulo osanena kanthu.

Ndinanyamuka 5:30 m'mawa, Loweruka lina mu June, chisanu chikuluma zala. M'chikwama munali madzi, mbatata zija, sipanala, pulasitala ndi power bank.

Ukakhala pa minibasi, tala ndi tala basi. Pa thabwa m'pamene umadziwa kuti pali tala wosalala, amene ukakankha kamodzi umayenda ngati ukuuluka, ndi tala wamiyalamiyala amene amanjenjemeretsa mapazi mpaka kuchita dzanzi. Kamwala kochepa ngati nyemba kamatha kuimitsa wilo pomwepo, thabwa n'kutsala, iwe n'kupitirira. M'mbali mwa msewu ndi modyeka, ndiye lole ikaliza hutala kumbuyo sumakambirana nayo: umadumphira m'fumbi, thabwa kukhwapa. Ndinaphunziranso kusinthanitsa miyendo, kukankha ka 20 ndi wamanja, ka 20 ndi wamanzere, apo ayi mwendo woima pa thabwa umauma ngati mtengo.

Pa Songani ana anandithamangira akukuwa, "Ankolo, tikwereko!" Patsogolo pang'ono wapolisi wa pamsewu anandiimitsa n'kufunsa laisensi, nkhope ili gwa, kenako anafa nako kuseka. Nayenso anafunsa funso limene aliyense ankafunsa: mukupita kukatani ku Liwonde? Ndinati kukaona abale. Linali bodza, koma bodza limene aliyense amalimvetsa.

Nditadutsa Domasi ndinakhala pansi pa mtengo wa mango kuti ndipume. Pamthunzi womwewo panali bambo ena achikulire, njinga yawo itatsamira mtengo, matumba atatu a makala atasanjikizana kupitirira msinkhu wawo. Ananyamuka kwawo tambala asanalire, ndipo ankalowera ku Zomba kumene ine ndinkachokera. Ndinawapatsa mbatata imodzi.

"Ulendowu ndi wakuti, achimwene?"

"Ku Liwonde, bambo."

"Kwagwa zovuta?"

"Ayi."

"Ganyu?"

"Ayinso."

"Nanga mukukatani?"

Kwa iwo bodza lija linandikanika. "Kungoyenda basi."

Anatafuna mbatata nthawi yaitali. "Kungoyenda," anabwereza, ngati akulawa mawuwo. "Ine chibadwire sindinayendepo ulendo wa kungoyenda."

Sanayankhule mwaukali, koma manyazi amene anandigwira sindidzawaiwala. Kwathu kuno ulendo umakhala ndi chifukwa chake: wa kumaliro, wa kuchipatala, wa kuchigayo, wa ku Joni. Munthu woyenda popanda chifukwa tili nalo dzina lake, woyendayenda, ndipo si dzina loti ungalinyadire. Agogo anga aamuna ankasimba za anzawo amene ankayenda wapansi milungu ndi milungu kukasaka ntchito ku Halale, kugona m'tchire, kuwoloka mitsinje. Palibe amene anawalemba m'buku la Guinness. Zimene a Humphreys amazitama, kudzuka mumdima, kugona panja, kutopa mpaka miyendo kunjenjemera, bambo awa amazichita sabata ndi sabata kuti ana adye. Ine ndinkasewera pamalo awo a ntchito.

Ndinayamba kuganiza zoimitsa minibasi ndibwerere kunyumba. Koma iwo maso anali kale pa thabwa. "Mabuleki ali pati?"

Ndinawaonetsa nsapato yanga ya kumanja. Pa longboard buleki ndi phazi: umalitsitsa n'kulikhwekhwereza pa tala. Kunsi kwake kunali kutayamba kale kudyeka.

Anaseka. "Ndiye ndife amodzi. Pa mtsetse, ndi matumba atatu, mabuleki a njinga okha sakwanira." Anatukula phazi lawo kundionetsa nsapato za matayala zija. "Mukafika pa Malosa, wosoka nsapato akakuikireni chidutswa cha tayala. Apo ayi mukafika ku Liwonde ndi sokosi."

Kenako anapempha kuti aimepo. Anagwira phewa langa, ine n'kuwakoka mamita angapo m'mbali mwa msewu, ndipo munthu wa imvi uja anakuwa ngati mwana wa sitandade 2. Ndinawathandiza kuimika njinga, imene ndekha sindikanaitha. Potsanzikana anati, "Yendani bwino. Mukandionereko Shire, ine ndinamuona kalekale."

Manyazi aja sanathe, ndipo sindikufuna kuti athe. Koma kuchokera pamenepo ndinali munthu wotumidwa.

Wosoka nsapato pa Malosa anakhomeradi chidutswa cha tayala, akuseka. Patapita nthawi ndinadzawerenga kuti oyenda pa longboard kunjako amachitanso chimodzimodzi, kumata mphira wa tayala kunsi kwa nsapato. Nzeru imene ine ndikanaisaka pa intaneti, bambo aja anaivala kuphazi.

Azakhali atandiona pakhomo, thabwa kukhwapa, anagwira pakamwa. Anandiphikira madzi osamba, nsima ya nkhwani wotendera, kenako n'kuimbira amayi: "Alamu, mwana wanu wafika. Ndi wamoyo, koma fungo la thukutalo!" Usiku tili pa mphasa anandifunsa kuti ndinabwera liti komaliza. Ndinawerenga chamumtima. Panali pa maliro a bambo, zaka zinayi zapitazo. Zaka zinayi, pa mtunda wosakwana makilomita 30, ndipo nthawi zonse ndinkanamizira thiransipoti. Sanandidzudzule. Anangoyamba kusimba mmene bambo ali mnyamata ankabera njinga ya agogo kupita ku nyanja ya Chilwa, n'kubwerako usiku ndi kambale ka matemba kopepesera. Nkhani imeneyo sindinaimvepo kwa wina aliyense. Ndinagona mochedwa, miyendo ikuphwanya.

Tsiku lachiwiri linali la mtsetse. Tawuni ya Zomba ili pamtunda wa mamita pafupifupi 900, pamene Liwonde safika mamita 500, ndipo kutsikako umakumva bwino cha ku Machinga. Poyamba kunali kokoma. Osakankha, mphepo ikulira m'makutu, mapiri akutsala m'mbuyo. Ndinayamba kudzimva ngati Rob Thomson.

Thabwa likathamanga kwambiri limayamba kugwedezeka, kumanja kumanzere, ndipo ukachita mantha n'kuumitsa mawondo limagwedezeka koposa. Zimenezi ndinkazidziwa m'mutu. Miyendo sinkazidziwa. Ndinatsitsa phazi mochedwa, ndipo chimene ndikukumbukira ndi kukhwekhwereka pa miyala ya m'mbali. Chikhatho ndi bondo zinasupuka. Helimeti inakalika pamalo pamene pakanakhala chipumi changa. Ndisanadzuke n'komwe, lole inadutsa n'kundiwaza fumbi. Ndinakhala pansi pomwepo, ndikunjenjemera, ndipo amene anandibwerera m'mutu anali amayi, akulandira foni kuchokera ku nambala yachilendo.

Mayi ena ogulitsa nthochi anabwera ndi madzi a mchere m'kapu. Akutsuka balalo anafunsa, "Mwanangu, amayi ako akudziwa kuti uli kuno?" Ndinati eya. "Ndiye ukawafikire wathunthu." Ndinamata pulasitala, ndinalimbitsa manati a pansi pa thabwa ndi sipanala, ndipo mitsetse yonse yotsala ndinaitsika wapansi, thabwa kukhwapa. Ana ena anandiseka kuti galimoto yatha mafuta. Ndinawasiya aseke. Pa foni amayi ndinangowauza kuti zili bho.

Kenako dziko linasintha. Chisanu chinatsala kumtunda, kutentha kunayamba, malambe anayamba kuoneka. Cha m'ma 2 koloko masana ndinaima pa Kamuzu Barrage, Shire akuyenda pansi panga, namasupuni akuyandama, mvuu ikufwenthera chapatali. Palibe amene anaomba m'manja. Anthu ankangodutsa ndi njinga, ndi madengu, aliyense ndi chifukwa chake. Mnyamata wina wa kabaza anayang'ana thabwa, anayang'ana pulasitala, n'kufunsa kuti ndadzatani.

"Ndatumidwa kudzaona Shire."

"Shapu," anatero, n'kumapita.

Pobwerera ndinakwera minibasi. Kondakitala ankafuna kuti thabwa lilipirenso, mpaka ndinaliika pamiyendo. Mtunda umene unandidyera masiku awiri unatha pa ola limodzi ndi theka, koma foni sinatuluke m'thumba. Ndinkaloza mumtima: apa ndi pamene ndinagwa, apa pa wosoka nsapato, uwu ndi mtengo wa mango uja.

Kunyumba amayi anayang'ana chikhatho changa nthawi yaitali. "Zili bho zija ndi zimenezi?" Ndinapepesa. Anatenga madzi otentha ndi kansalu.

Ndisakunamizeni kuti ulendowu unasintha zonse. Imelo ikadali yopanda kanthu, ndipo ndikulemba izi ndi bundle ya ngongole. Chimene chinasintha n'chaching'ono. Loweruka sindigonanso masana. Ndimakwera phiri wapansi mpaka ku damu la Mulunguzi, kapena ndimakankha thabwa kupita kwa azakhali, amene tsopano amandisungira nkhani za bambo imodziimodzi. Tsiku lina thabwalo linasowa m'chipinda, ndipo ndinalipeza pa msewu, ana a aneba akukankhirapo thumba la chimanga kupita kuchigayo. Anawatuma ndi amayi. "Bola lizigwirako ntchito," anatero.

M'mawa uliwonse ndikamva njinga za makala zikudutsa pa Chinamwali, ndimatuluka kukayang'ana nkhope. Bambo aja sindinawapezebe, ndipo dzina lawo sindinafunse. Koma uthenga wawo ndikuusunga: Shire alipo, madzi ndi ambiri, ndipo nsapato ija inakafika.