Chizumulu, Phiri la M'madzi

Ndikakhala pamchenga wa Chintheche mbandakucha, mwera usanadzuke, ndi kukweza maso anga kum'mawa kumene mapiri a Mozambique aima ngati mtambo, mtima wanga umakumbuka Chizumulu, chimene anthu achitcha chilumba, chikhalirecho ndi phiri lomira, lotsala m'chigwa chimene madzi anadzaza dziko litang'ambika kalekalelo. Pamwamba pake pali milambe ndi chinangwa. Pansi, m'ming'alu ya matanthwe, mbuna. Madzi ochizinga ndi a Mozambique, monga anapangana Angerezi ndi Apwitikizi mu 1954, koma nthaka ndi yathu, pakuti amishoni a UMCA anakhazikika pa chilumba choyandikana nacho cha Likoma mu 1885. Sitima ya Ilala ikafikako, mabwato amaichingamira ngati mlendo wa mfumu.