Ulendo wa ku Bua m'nyengo ya Mwera

Amene akufuna kuona nyanja ili phee asapite ku Nkhotakota mu July. Ine ndinapita mwezi womwewo, ndipo titangodutsa pa mlatho wa Chia mphepo inayamba kulowa pa mawindo a minibasi moti amayi amene ndinakhala nawo pafupi anafunditsa mwana chitenje chachiwiri. Ndinagona pa boma, m'mawa mwake n'kukwera galimoto ya matola yolowera ku Dwangwa. Ndinatsika pafupi ndi mlatho wa Bua pa msewu wa M5, ndipo wa kabaza ananditengera kumunsi, kudutsa m'minda ya mpunga yomwe anali atakolola kale, mpaka kugombe.

Tinafika dzuwa litakwera ndithu, koma mabwato onse anali pamtunda. Ena anawagadabuza, ena anawakokera pansi pa mitengo. Pa thandala panalibe usipa ngakhale wodzaza dzanja. Mafunde ankabwera ofiirira ndi mchenga, akuswekera pagombe mosapumira, ndipo kuti munthu akumve unkayenera kukweza mawu. Alovi anakhala kuseri kwa boti lalikulu, ena akusewera bawo, ena akusoka ukonde wa chilimira. Bambo wina wachikulire anali atapanira ukonde ndi chala chachikulu cha kuphazi, akuluka pong'ambika, maso ali kunyanja nthawi ndi nthawi.

“Mwaswera bwanji, bambo?”

“Taswera, kaya inu achimwene? Ngati mwabwerera nsomba, mwalemba m'madzi. Khalani apa, mphepo ingakupwetekeni.”

Mwera umachokera kummwera chakum'mawa, ndipo umalimba kuyambira May mpaka August. Nyanja yathu ndi yaitali makilomita oposa 500, yogona kuchokera kummwera kupita kumpoto, choncho mphepoyi imayenda mtunda wautali pamwamba pa madzi popanda choitchinga, mafunde n'kumakula m'njira. Pa boma la Nkhotakota pali mchenga wa Sungu womwe umatchingirako doko. Magombe ambiri a kumpoto kwake alibe mwayi umenewo. Akuluakulu a m'mbali mwa nyanja amakumbukirabe sitima ya Vipya yomwe inamira pa 30 July 1946 kufupi ndi Chitimba, anthu 145 n'kutsikira kulichete. Imeneyo inali sitima yachitsulo. Nanga bwato losema?

Ndinawafunsa bambowo ngati amamva machenjezo a nthambi yoona za nyengo. Anaseka pang'ono. Anati amamva, pa wailesi ngakhale pa foni za anyamata, komanso a komiti ya pagombe amalengeza. Anati ngakhale popanda wailesi, munthu wokulira panyanja amadziwa: mitambo ikaunjikana kummwera, kuzizira kukasintha m'bandakucha, ndiye kuti kwaipa. Vuto limabwera Mwera ukakhalitsa. Tsiku loyamba aliyense amamvera. Lachiwiri amamverabe. Ikatha sabata ufa utatha m'nyumba, mwini zida akufunsa za ngongole ya mafuta, mphepo ikangoti zii madzulo anthu amakankha boti kupita kukauni, usodzi wa usiku wa nyali. Ndiye Mwera umadzuka pakati pa usiku ali kutali, nyali zili pamabwato, boti litalemedwa ndi ukonde wonyowa.

Pa gombe lonselo sindinaone jekete yoyandamitsa munthu pamadzi ngakhale imodzi. Nditafunsa, mnyamata wina anandilozera chigubu cha malita 20 chomwe chinali m'boti, n'kunena kuti zikavuta amagwira chimenecho. Anzake anaseka, ine sindinaseke. Ife a m'tauni timafulumira kunena kuti asodzi ndi osamva. Koma munthu amene walowa m'madzi akudziwa bwino lomwe kuti kunja kwaipa, kumuonjezera chenjezo lina pa wailesi sikungamubweze. Chimene chamukankha ndi njala.

Masana ndinayenda chokwera m'mbali mwa mtsinje. Mu July Bua amaoneka wofatsa, ana akusamba m'mphepete, ngakhale aliyense amakuchenjeza za ng'ona. Mtsinjewu umachokera kutali, kuzigawo za Mchinji, n'kudutsa m'malire a Kasungu, kenako n'kutsika mapiri kudzera m'nkhalango yotetezedwa ya Nkhotakota. Ndi umodzi mwa mitsinje yochepa yomwe mpasa umakwerabe kukaswana, ndipo anthu akuno akayamba kukamba za kukoma kwa mpasa simungawadule. Koma kutalika komweko ndiye ngozi yake. Mvula ikhoza kugwa ku Mchinji ndi ku Kasungu, kuno kuli dzuwa, madzi n'kufika usiku anthu ali m'tulo. Mitengo ikamatha kumtunda chifukwa cha makala ndi fodya, madzi amathamanga osaima, atasenza dothi lomwe limadzakwirira khwawa kuno kumunsi. Khwawa likadzaza mchenga, mtsinje umafuna njira ina, ndipo njirayo imakhala m'munda kapena m'nyumba ya munthu.

Za kumapeto kwa February 2024 palibe amene waiwala. Mvula inagwa masiku otsatizana, mitsinje ya m'bomali inasefukira, makamaka Dwangwa, ndipo anthu oposa 14,000 anasowa pokhala. Msewu wa M5 unaduka, ena anachita kupulumutsidwa pa maboti, ndipo sukulu zinasanduka misasa. Mayi wina amene ndinamupeza akuanika makaka a chinangwa anandiuza kuti chimene chinamupweteka kwambiri si nyumba ayi, poti nyumba amaumbanso njerwa. Chinangwa ndi chimene chinawola m'munda madzi atakhalitsa, ndipo kuno popanda kondowole ndiye kuti m'nyumba mulibe chakudya. Anandionetsa pa khoma la nyumba ya mnansi wake pomwe madzi analekeza. Mzere wake unali wooneka bwino, wofika m'chiuno mwanga.

Chaka chomwecho nyanja nayo inakwera kupitirira mamita 476 kuchokera pa mlingo wa nyanja zamchere, zomwe zinali zisanaonekenso kwa zaka zambiri. Madzi analowa m'malo ogona alendo, m'midzi ndi m'madimba kuyambira ku Mangochi mpaka kuno. Ambiri analoza chala ku Liwonde, kuti a boma atsegule zitseko zonse za Kamuzu Barrage. Nkhani yake si yapafupi choncho. Shire ndi mtsinje wokhawo wotulutsa madzi m'nyanjayi, ndipo mukautsegulira mopitirira muyeso mwamiza anthu a ku Chikwawa ndi ku Nsanje, mwaikanso pangozi makina a magetsi a ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira. Pagombe paja anandilozera chitsa cha mtengo chili m'madzi, nati pamenepo ndi pomwe ankaanika usipa kale. Nyanja ikakwera chonchi Mwera umapeza gombe lafupika, mafunde n'kumafika pomwe sankafika.

Malangizo amene amabwera nthawi zonse ndi akuti anthu asamukire kumtunda. Kunena n'kosavuta. Mukaima pa mlatho wa Bua n'kuyang'ana kumadzulo, mumaona mapiri a nkhalango yomwe bungwe la African Parks lakhala likuyang'anira kuyambira 2015, komwe anabweretsako njovu pafupifupi 500 kuchokera ku Liwonde ndi ku Majete mu 2016 ndi 2017. Kumeneko kuli waya. Kumpoto kuli minda ya nzimbe ya ku Dwangwa. Anthu atsala ndi kachigawo kopapatiza pakati pa waya ndi madzi, ndipo mpunga ndi nsomba zomwe zimawadyetsa zili kumunsi komweko. Sindikunena kuti nkhalango ichotsedwe, chifukwa popanda iyo Bua akanalusa kuposa apa ndipo mpasa ukanatha kalekale. Ndikunena kuti wouza anthu kuti asamuke abwere atanyamula yankho la komwe apite.

Ndinabwerera pa boma madzulo, mphepo isanaleke. Kwa akhonsolo ya Nkhotakota, nthambi ya za usodzi ndi nthambi yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi, pempho langa ndi ili: mafumu ndi boma agwirizane za malo okwera mvula isanayambe, anthu a kumtunda kwa Bua akhale ndi njira yoimbira anzawo akumunsi madzi akayamba kukwera, ndipo boti lililonse lolipira chiphaso likhale ndi majekete okwanira alovi ake pa mtengo woti msodzi angathe.