Matenda a Shuga Anandipeza pa Ukulu

Ana anga okondedwa, ambiri a inu mukhala m'nyumba imodzi ndi munthu wacikulire: atate, amai, ambuya, kapena amalume amene akukulipirirani sukulu. Inu ndinu amene mumawatungira madzi akumwa, mumawacapira zovala, ndiponso mumamva citseko cikulira usiku akamatuluka panja. Motero thupi lao likayamba kusintha, maso oyamba kuona ndi anu. Ndico cifukwa cake ndafuna kukamba nanu za matenda a shuga, amene anandigwira mwadzidzidzi mu 2022, ndili ndi zaka 59, ndipo anatsala pang'ono kunditenga.

Ine ndine telala, ndipo ndasoka zovala pa khonde la sitolo mu Chipata kwa zaka zoposa 30. Nonse mudziwa m'mene dzuwa limawalira mwezi wa Okutobala. Munthu akamamwa madzi kawirikawiri m'mwezi umenewo palibe amene amadabwa. Koma ludzu langa linali losatha. Ndinali kutsiriza botolo lonse, m'kamwa n'kukhalabe mouma. Usiku ndinali kudzuka kasanu kukataya madzi. Thalauzi linayamba kugwa m'ciuno, kotero kuti ndinalibweza kawiri pa makina anga m'milungu itatu yokha, ngakhale kuti nsima ndinali kudya monga mwa masiku onse. Pambuyo pake maso anacita nkhungu, ndipo ulusi unayamba kukana kulowa pa nyeleti.

Zizindikiro zimenezi zimanyenga cifukwa ciliconse cili kale ndi dzina lozolowereka. Ludzu timati ndi kutentha, kutopa timati ndi ukalamba, maso timati afuna magalasi. Kuwonda nako anthu amangonong'onezana kumbali. Ena anaganiza za HIV, ena za cifuwa ca TB, ndipo ena anati pali munthu amene wandilodza kaamba ka nsanje ya nchito.

Usiku wina ndinayamba kusanza, m'mimba munali kupweteka koopsa, ndipo ndinali kupuma mozama ndi mofulumira ngati munthu amene wathamanga mtunda wautali. Mdzukulu wanga wamkazi, amene panthawiyo anali mu giredi 11, ndiye anauza ambuya ake kuti mpweya wa m'kamwa mwanga unali kununkha ngati mankhwala ocotsera utoto wa m'zikhadabo, ndi kuti ndinali kuyankha zosagwirizana ndi funso. Sanadikire kuti kuce. Anathamanga kukagogoda kwa mnansi wathu amene ali ndi galimoto. Za m'njira sindikumbukira ciliconse.

Kucipatala anesi anandilasa pa cala, ndipo kamakina koyezera shuga kanangolemba HI, kutanthauza kuti shuga yapitirira pamene iko kangathe kuwerenga. Dokotala anati ndili ndi diabetic ketoacidosis, imene mwacidule amati DKA. Lekani ndikufotokozereni monga m'mene anandifotokozera ine nditatsitsimuka.

Nsima, mpunga, buledi ndi kandolo zikagayika m'mimba zimasanduka shuga imene imalowa m'magazi. Kuti shugayo icoke m'magazi ndi kulowa m'minofu, kumene imapatsa mphamvu, pafunika insulini, imene imapangidwa ndi kapamba, ciwalo cimene cili kuseri kwa cifu. Insulini ikasowa, shuga imaunjikana m'magazi pamene minofu ili ndi njala. Impso zimayesa kuitaya pamodzi ndi madzi ambiri, ndipo kumeneko ndiko kumacokera kukodza kosalekeza ndi ludzu. Tsono thupi limayamba kudya mafuta ake omwe, ndipo mafutawo amasiya zinthu zochedwa maketoni. Maketoni akaculuka, magazi amakhala ndi asidi wambiri. Pfungo lija la m'kamwa ndi la maketoni, ndipo kupuma kozama kuja ndiko kuyesa kwa thupi kucepetsa asidi. Munthu wotere akapanda kuthandizidwa amakomoka, ndipo angathe kufa m'masiku owerengeka kapena maola cabe. Palibe mankhwala a kunyumba amene angamucize. Afunika madzi a mu diripi, insulini yolowa pang'onopang'ono, mcere wa potaziyamu, ndi kuyezedwa magazi pafupipafupi. Ine ndinagona m'cipatala masiku 6.

Thupi linacira msanga kuposa mtima. Tsiku lotuluka anandipatsa kabotolo ka insulini ndi manyeleti, nandiuza kuti ndizidzilasa kawiri pa tsiku, m'mawa ndi madzulo ndisanadye. Nyeleti ndaigwira moyo wanga wonse, koma ndinali ndisanailozepo pa thupi langa. Manja ananjenjemera. Milungu yoyamba ndinali munthu wacisoni ndi wamkwiyo. Ndinali kukumbukira anthu amene ndinamva kuti anadulidwa mwendo kapena anafa maso kaamba ka shuga, ndipo usiku ndinali kuwerenga m'mutu za ana amene anali asanatsirize sukulu. Kunalinso manyazi. Mwamuna amene dzulo anali mutu wa banja, lero akuuzidwa ndi mdzukulu wake kuti, "Ambuya, nthawi ya nyeleti yakwana."

Ngati kholo lanu lili m'nyengo imeneyi, musadabwe likamakalipa popanda cifukwa kapena kukhala cete tsiku lonse. Munthu wa zaka 60 wazolowera thupi lake ndi mbale yake, ndipo zonse ziwiri zasintha m'mlungu umodzi. Amafunika nthawi yolira. Cimene safuna ndico kuweruzidwa. Alendo ena obwera kudzazonda amayamba ndi mau akuti, "Munali kudya shuga yambiri." Mau amenewa amapweteka, ndiponso kawirikawiri sali oona.

Pali mitundu iwiri yaikulu ya matendawa. Mu mtundu woyamba citetezo ca thupi cimaononga mbali ya kapamba yopanga insulini, ndipo kadyedwe ka munthu sindiko kamayambitsa. Anthu amaganiza kuti umenewu ndi wa ana okha, koma umagwiranso akulu. Theresa May anapezeka nao ali ndi zaka 56, ndipo mu 2016 anakhala nduna yaikulu ya dziko la Britain akudzilasa insulini tsiku lililonse. Mu mtundu waciwiri, umene uli wofala kwambiri, insulini ilipo koma ndi yocepa kapena thupi siliimvera bwino. Umenewu umayendera kumtundu, msinkhu, kunenepa ndi kusagwiritsa nchito thupi. Pakati pa anthu a mu Africa madokotala apezanso odwala amene amayamba ndi DKA yoopsa, koma pakapita miyezi kapamba amayambanso kugwira nchito, kotero kuti amacoka pa nyeleti ndi kuyamba mapiritsi monga metformin. Zimenezi amagamula ndi dokotala yekha atayeza magazi. Ine kufikira lero ndili pa insulini.

Cimene cinayamba kunditsitsa mtima cinali kudziwa mbiri ya kabotolo kamene ndinali kukaopa. Cisanafike caka ca 1921, munthu amene kapamba wake waleka kupanga insulini analibe ciyembekezo. M'caka cimeneco Frederick Banting ndi Charles Best anapeza insulini mu mzinda wa Toronto ku Canada, ndipo mu Januwale 1922 mnyamata wina, Leonard Thompson, anakhala munthu woyamba kulandira mankhwalawo. Anali wa msinkhu wa ena a inu. Nditamva zimenezi ndinaona kuti atate a ambuya anga akanadwala monga ine akanaikidwa m'manda mlungu womwewo, pamene ine ndabwerera pa makina anga.

Caciwiri cinali cakuti a m'nyumba mwanga anaphunzira matendawa pamodzi ndi ine. Akale anati mutu umodzi susenza denga. Akazi anga sanandiphikire kambale kanga kandekha ngati mkaidi. Anasintha kaphikidwe ka banja lonse. Theka la mbale tsopano ndi masamba: lepu, cibwabwa, kalembula, bondwe kapena delele. Mbali ina ndi nyemba, kapenta, mazira kapena nkhuku. Nsima ndimadya ntanda imodzi yolingana ndi nkhonya yanga, ndipo timakonda ya mgaiwa, ngakhale kuti nayonso imakweza shuga munthu akaidya yambiri. Tiyi ndimamwa wopanda shuga, ndipo lilime linazolowera patapita mwezi. Zakumwa za m'mabotolo, maheu otsekemera ndi vitumbuwa ndinazisiyira inu. Madzulo ndimayenda pansi mphindi 30. Maso nao anayera patapita milungu ingapo shuga itatsika, ndipo ulusi unayambanso kulowa.

Mdzukulu wanga uja anatenga kope la sukulu, nalemba mizere: tsiku, nthawi, shuga, insulini. Kope limenelo ndilo timapita nalo ku kiliniki, ndipo dokotala amaliwerenga asanasinthe mlingo wa mankhwala. Mu 2024, pamene madzi anacepa m'damu la Kariba ndipo magetsi anali kuzima maola ambiri pa tsiku, firiji inakhala yosadalirika. Insulini imaonongeka ikatenthedwa kapena ikaundana ngati aisi. Mwana wanga wamwamuna anaika kamtsuko kadothi m'kati mwa mtsuko waukulu, pakati pake anathira mcenga wonyowa, nauika pamalo a mthunzi popita mphepo. Kabotolo tinali kukasunga m'menemo titakakulunga m'pepala la pulasitiki. Kumbukirani kuti kabotolo kotsegulidwa kale kayenera kutha pasanapite pafupifupi milungu 4.

Tsono pali zinthu zimene ndifuna muzisunge pamtima, pakuti tsiku lina zingapulumutse munthu wa m'nyumba mwanu.

Munthu wa pa insulini ali ndi ngozi ziwiri, ndipo muyenera kuzisiyanitsa. Shuga ikatsika pansi pa 4, mwina cifukwa wadzilasa koma sanadye, kapena walima kwambiri, amatuluka thukuta, amanjenjemera, amamva njala ndi cizungulire, ndipo angalankhule ngati woledzera. Zimenezi zimabwera m'mphindi zocepa. Mupatseni msanga masupuni aang'ono atatu kapena anai a shuga osungunula m'madzi, kapena theka la kapu ya cakumwa cotsekemera. Pakapita mphindi 15 yezaninso, ndipo akakhala bwino mupatseni cakudya. Akakomoka musamuthire kanthu m'kamwa, angatsamwe. Mugonekeni cam'mbali ndi kuthamangira naye kucipatala. Ine m'thumba la shati simusowa maswiti atatu, ndi kapepala konena kuti ndili ndi matenda a shuga.

Ngozi inayo ndi ya shuga yokwera, imene imabwera pang'onopang'ono, makamaka munthu akadwala malungo, cifuwa kapena cironda, kapena insulini ikamuthera. Anthu ambiri amaganiza kuti wodwala akalephera kudya ayenera kuleka nyeleti. Iai. Thupi lodwala limafunabe insulini, nthawi zina yoposa ya masiku onse, ndipo kuileka ndiyo njira yacidule yobwerera ku DKA. Wodwala shuga akayamba kusanza, kumva m'mimba, kupuma mozama kapena kusokonezeka, pitani naye kucipatala nthawi yomweyo, kaya ndi usiku.

Yang'ananinso mapazi ao. Shuga ikakhala yokwera zaka zambiri imaononga mitsempha, kotero kuti munthu angaponde munga osamva. Asayende opanda nsapato, ndipo kacironda kalikonse kaonedwe ndi anesi. Maso, impso ndi BP ziyezedwe kamodzi pa caka kapena monga m'mene dokotala wanenera. Kudulidwa mwendo kumene ndinali kuopa sikugwera aliyense; kusamala kwa tsiku ndi tsiku kumacepetsa kwambiri ngozi imeneyo.

Inu a m'magulu a acinyamata mumayendera odwala, ndipo ndi nchito yabwino. Mukapita kwa wodwala shuga, m'malo mwa botolo la cakumwa cotsekemera nyamulani mazira, nshawa kapena mtolo wa masamba. Pempherani naye, pakuti ine mapemphero a anzanga anandilimbitsa m'masiku a mdima. Koma munthu wina akamuuza kuti ataye mankhwala kusonyeza cikhulupiriro, kapena kuti alowe m'malo mwake ndi mizu ya m'botolo, imani naye ndi kukana mwaulemu. Pa nyengo ya kusala kudya, wodwala ayambe wafunsa dokotala wake, ndipo asamve manyazi kudya pamene ena akusala.

Bungwe la International Diabetes Federation linalengeza mu 2021 kuti akulu 537 miliyoni pa dziko lonse anali ndi matenda a shuga, ndi kuti mu Africa oposa theka la odwalawo anali asanadziwe. Kuyeza sikutenga nthawi: dontho limodzi la magazi a pa cala. Shuga ya munthu amene sanadye usiku wonse ikafika pa 7 kapena kuposa, afunika kuonana ndi dokotala. Pa 14 Novembala, tsiku limene Banting anabadwa, dziko lonse limakumbukira matendawa, koma inu musadikire tsiku limenelo ngati mwaona ludzu losatha, kukodza usiku ndi kuwonda kosadziwika bwino. Akulu ena amakana kupita ku kiliniki akauzidwa ndi anzao, koma mdzukulu akawagwira dzanja ndi kunena kuti, "Ambuya, tiyeni ndikuperekezeni," amavala nsapato. Yesani mlungu uno.