KU KATETE MOWA WA CIMERA ULIMBANA NDI WA SHUGA

Mlendo amene atsika basi pa Katete m'mwezi wa August, napatuka pa mseu waukulu wa Great East kulowa m'midzi ya kunsi kwa mapiri a Mphangwe, sayenda mtunda wautali asanaone migolo ili pamoto kuseri kwa nyumba. Cimanga calowa m'nkhokwe, ndipo anthu ali kukonzekera mwambo wa Kulamba umene ucitika ku Mkaika, kwa Kalonga Gawa Undi, kumapeto kwa mweziwo. Ino ndiyo nyengo ya mowa.

Mowa wa makolo sufuna shuga wa m'sitolo. Mai wofulula amabviika cimanga kapena mawere, nazipfundika mpaka zitamera, kenaka aziyanika padzuwa ndi kuzisinja. Ici ndico cimera. Mbeu ikamera imakhala ndi mphamvu yosandutsa ufa kukhala shuga, ndiye cifukwa cace phala lothiridwa cimera limasungunuka ndi kuyamba kutsekemera. Akalekera pomwepo ndi thobwa, limene amwa ngakhale ana. Akalisiya masiku ena, tizilombo tosaoneka ndi maso, tochedwa yisiti, timadya shugayo ndi kumsandutsa ukali wa mowa. Nchito yonse imatenga pafupi-fupi sabata lathunthu, nkhuni zambiri ndi mitsuko ya madzi yosawerengeka. Mowa wa masese wotere umakhutitsa, ndipo ndiwo unali kulimitsa minda pa dima ndi kutsanzika akufa pa bona.

Koma m'magolosale a pa Katete muli mapaketi a shuga wocokera ku Nakambala, kufupi ndi Mazabuka, kumene fakitale inayamba kugaya nzimbe mu 1968. Shuga ameneyu wasintha kafululidwe. Woyera alibe cina koma kutsekemera kokha; mowa wace umawira msanga ndipo umakalipa, koma uli wamadzi-madzi, wopanda fungo la mbeu. Wofiirira amatsala ndi manyuci pang'ono a nzimbe, motero mowa umadera ndi kununkhirako. Uci, umene anthu a ku Kabompo ndi Mwinilunga amafululira mowa wao, kuno ngwosowa, ndipo masuku amadikira mvula zoyamba.

Nkhalamba zimanyoza mowa wothira shuga, zimati ngwa ulesi. Kunena kotero nkosavuta kwa munthu amene sanagonepo pa moto wa mgolo. Mai amene afuna ndalama za yunifomu ya mwana aona kuti shuga amfupikitsira masiku ndipo sapungula nkhokwe kwambiri. Mlandu wace ngwomveka.

Pamene pabvuta ndi pa kacasu. Uyu amapangidwa ndi gaga, shuga ndi madzi, zimene zimasasa masiku angapo, kenaka aziphika mu mphika womata bwino. Nthunzi imadzera mu mpopi wopyola m'madzi ozizira ndi kudontha m'botolo. Botolo loyamba ndilo lokalipa koposa, ndipo palibe cipangizo pamudzi coyezera ukali wace. Mgolo ukakhala kuti unasungapo mankhwala a thonje, womwa sadziwa. Boma linaletsa tujilijili mu 2012 poona m'mene tinali kuonongera anyamata, koma kacasu saoneka pa shelefu ya sitolo. Amachezedwa kudambo, kutali ndi njira.

Palinso cina cimene mabanja ayenera kudziwa. Kuyambira mu 1998 shuga wa pa nyumba muno m'Zambia amathiridwa Vitamini A, wothandiza maso a ana ndi kulimbitsa matupi ao. Paketi imene yalowa mu mphika wa kacasu sifika m'phala la mwana, ndipo vitaminiyo imatayidwa pamodzi ndi zotsalira.

Dzuwa likapendeka, pansi pa mtengo wa mango pamakhala magulu awiri. Akulu-akulu amazungulira mtsuko, cipanda cili kuyenda dzanja ndi dzanja, woyamba kulawa ali mwini mowa monga mwa mwambo. Anyamata ali capatali, ndi kabotolo kamodzi ndi kakapu kakang'ono.