Mudzi wa Agogo Okhaokha ku Benoni

Kum'mawa kwa Johannesburg, m'dera lomwe kale linkangotchedwa East Rand ndipo kuyambira mu 2000 lili pansi pa khonsolo ya Ekurhuleni, kuli midzi yomwe simubadwira mwana. Ku Benoni mumva za Rynpark ndi Fairleads, ku Kempton Park kuli Allen Park, ku Bedfordview kuli Arbor Village. Ina ndi ya mipingo, monga Fairleads ndi Arbor Village yomwe ili m'manja mwa Methodist Homes, ina ndi ya mabungwe osamalira okalamba. Lamulo la mu 1988 loyendetsa midzi yotereyi limawerengera wopuma pantchito kuyambira zaka 50, koma amene ndinawapezako ambiri 50 anaisiya kumbuyo kalekale, ena ngakhale 80 anaipyola.

Ine kumeneku anandifikitsako ndi achemwali anga, omwe amasamalira odwala m'mudzi wina wa ku Benoni. Ndinawaperekera katundu tsiku lina mu Julayi, chisanu chili pachimake, ndipo chiyambire pamenepo ndimangosaka chifukwa chobwererako. Anzanga ku Kempton Park amandiseka kuti ndakalamba nthawi isanakwane. Aseke.

Kapinga wometedwa bwino ndi tinyumba tofanana ndinaziwonapo kwina, sizinandidabwitse. Chinandiimitsa ndi bolodi la zidziwitso pakhomo la holo. Sabata yonse inali yodzaza mpaka m'mphepete mwa pepala: masewero olimbitsa thupi anthu atakhala pamipando, kuluka, kwaya, bingo, kuphunzira Baibulo, basi yopita kokagula zinthu ku Lakeside Mall, tsiku lobweza mabuku kulaibulale. Pansi pa chilichonse panali dzina la woyang'anira ndi nambala ya nyumba yake, ndipo mayinawo sanali a antchito ayi. Anali a eni mudziwo. Mayi woyenda ndi choyendera cha mateyala ndiye msungichuma wa komiti ya zisangalalo. Bambo wina amene khutu limodzi linatseka ndiye amalemba kanyuzi ka pamwezi. Munthu wosachita kanthu m'mudzi umenewu amachita kulimbikira, chifukwa aliyense wodutsa pakhomo pake amabwera ndi pepala loti alembetse dzina.

Benoni ali pamtunda wa mamita opitirira 1,600 kuchokera panyanja yamchere, chimodzimodzi Dedza, koma chisanu chake n'choposa. Mu Juni ndi Julayi kapinga amadzuka atayera mbuu, madzi a mbalame m'kabeseni atauma gwa. Miyezi imeneyi ndi ya oluka. Amakumana m'chipinda choyang'ana kumpoto, komwe dzuwa limalowa tsiku lonse, aliyense ndi chikwama chake cha ulusi. Ndinakhala pafupi ndi mayi wina amene zala zake nyamakazi inazipinda moti kapu ya tiyi amaigwira ndi manja awiri. Koma akagwira koloshi, zala zomwezo zimayenda zokha, maso ali kwa mnzawo amene akusimba za mdzukulu wa ku Australia. Amaluka timapisi ta makona anayi, tofanana kukula, ndipo wina amatolera n'kumatiyala pansi kuti awone mtundu uti ugone pafupi ndi uti asanatilumikize. Pamenepo ndi pamene pamabuka mkangano. Wina akuti chofiira chisayandikane ndi chapinki, wina akuti mwana wozizidwa safunsa mtundu. Onse awiri akunena zoona, ndipo bulangete limasokedwa mkanganowo usanathe.

Ntchitoyi ili ndi tsiku lake loithamangira, 18 Julayi, tsiku lobadwa Nelson Mandela, pamene anthu a kuno ku South Africa amapereka mphindi 67 kuthandiza ena. Kumapeto kwa 2013 Carolyn Steyn anayambitsa gulu la 67 Blankets for Nelson Mandela Day, ndipo linakula moti mu 2015 mabulangete oluka pamanja anayalidwa pabwalo la Union Buildings ku Pretoria n'kulowa m'buku la Guinness. Agogo a ku Benoni za Guinness alibe nazo ntchito kwenikweni. Awo amawapinda, kuwalonga m'galimoto, ulendo wa kumikombaphala ya ku Daveyton ndi Etwatwa. Chinandigwira mtima n'chakuti anthu omwe dziko limawawerengera m'gulu la olandira thandizo, pa tsikuli amakhala mbali ya opereka, ndipo amatero modzitama ndithu.

Julayi akamatha amadulira maluwa a rozi, mpaka kusiya zitsa zomvetsa chisoni zomwe eni ake amati zidzakuthokozani mu Okutobala. Ogasiti ndi wa mphepo ndi fumbi lochokera m'milu yachikasu ya migodi yakale. Kenaka pa 1 Sepitembala, kaya kukuzizirabe kaya ayi, mudzi wonse umagwirizana kuti chisanu chatha. Amalitcha Spring Day. Amayi amavala zipewa zomangirira maluwa, abambo ena nawo osafuna kutsalira, ndipo pamakhala tiyi ndi melktert, keke yofewa ya mkaka yowazidwa sinamoni pamwamba. Chipewa chopambana chimalandira mphoto ya sopo wonunkhira, koma mmene anthu amachikonzekerera mungayese mphotoyo ndi ng'ombe.

Kukayamba kufunda, bwalo la bowls limadzuka. Masewerawa ndinali ndisanawawonepo chibadwire, ndipo poyamba ndinangoona nkhalamba zovala zoyera zikugubuduza mipira pa kapinga wosalala kwambiri. Kenaka bambo wina anandipatsa mpira umodzi kuti ndiugwire. Ndi wolemera, wodzaza dzanja, ndipo si wozungulira mofanana mbali zonse. Anaupanga dala kuti ukamatha mphamvu uzikhota. Ndiye ukafuna kufika pa kampira koyera kotchedwa jack, suloza pomwe kali. Umaponya chakumbali, ngati wasokera, n'kudikira. Mpirawo umapita, umapita, ndipo ukangoyamba kufooka umapinda msana n'kubwera mokhota kudzagona pafupi ndi kampirako. Bamboyo anagwada bondo limodzi movutikira, anautulutsa m'dzanja mopanda phokoso, n'kuutsatira pambuyo akuulankhula m'Chiafrikaans ngati ukumva. Pamenepo ndinakumbukira madala a bawo pansi pa mtengo wa mango kwathu ku Ntcheu: chete yemweyo, kunyozana komweko, ndi kusakhululukirana komweko pa nkhani ya kachala kamodzi. Akasiyana maganizo amatulutsa tepi n'kuyeza, ndipo munthu wa zaka 80 amatha kukwiya mpaka chakudya chamadzulo.

Bambo yemweyo atamva kuti ndine Mmalawi anasintha nkhope, n'kuyamba kundilankhula Fanakalo, chilankhulo cha pansi pa mgodi chomwe ine sindichidziwa. Anagwira ntchito ku ERPM ku Boksburg, mgodi wa golide womwe unayamba mu 1893 ndipo unali umodzi mwa yozama kwambiri padziko. Anati Anyasa, kunena Amalawi, ankawadziwa bwino, ndipo anakumbukira chaka chomwe anasowa mwadzidzidzi. Chakacho nanenso ndimachidziwa, ngakhale ndinali ndisanabadwe. Mu Epulo 1974 ndege ya Wenela inagwa ku Francistown ku Botswana n'kupha Amalawi 74 omwe ankabwerera kwawo, ndipo Kamuzu Banda analetsa kulemba anthu a kumigodi, pa nthawi yomwe Amalawi oposa 100,000 anali m'migodi ya ku South Africa. Agogo anga aamuna anali m'gulu la obwerera chifukwa cha chiletsocho. Anafika ndi sutikesi, wailesi ndi chifuwa chomwe sichinawasiye mpaka kumanda. Bambo wa bowls uja anatuluka mumgodi ndi penshoni yomwe inamugulira malo m'mudzi uno. Tinayang'anana, tonse tikudziwa zimenezi, ndipo anandifunsa ngati ndimamwa tiyi wothira mkaka.

Nkhani ya ndalamayi siyobisika. M'midzi yambiri yotereyi nyumba sugula kuti ikhale yako. Umagula chomwe amati life right, ufulu wokhalamo mpaka imfa. Umalipira ndalama yaikulu polowa, kenaka ya mwezi ndi mwezi yolipirira alonda, kapinga ndi anamwino, ndipo ukamwalira nyumbayo imabwerera kwa eni mudzi, ana ako n'kulandira zomwe pangano linanena. Gogo wa ku Tembisa kapena ku Wattville wodalira ndalama ya okalamba ya SASSA, yomwe imayamba pa zaka 60 ndipo imangopitirira pang'ono R2,000 pamwezi, pachipata chimenechi sangalowe pokhapokha akudzachapa. N'chifukwa chake okhalamo ambiri m'mudzi womwe ndimapitawu ndi azungu, pamene osambitsa, ophika ndi otchetcha amafika m'mamawa pa taxi kuchokera ku Daveyton. Izi ndimaziwona nthawi iliyonse ndikalowa. Komabe chomwe ndinakopeka nacho si chimene ndalamazo zimagula. Bolodi lija silifuna life right. Limafuna chipinda, ketulo, ndi anthu okhulupirira kuti nkhalamba ingayendetse komiti.

Kwathu timanyadira kuti gogo sitimutaya, amakalambira pakati pa adzukulu. Zikayenda bwino palibe choposa zimenezo. Koma tonse tikudziwa agogo otsala okha m'mudzi ana atabalalikira ku Lilongwe ndi kuno ku Joni, ndiponso ena omwe amatchedwa afiti mwana akangodwala pafupi, nkhani yomwe bungwe la MANEPO lakhala likuilira kwa zaka zambiri mpaka Nyumba ya Malamulo inavomereza lamulo loteteza okalamba mu 2024. Ngakhale gogo wosamalidwa bwino nthawi zambiri timamupatsa chakudya ndi ulemu, koma anzake a msinkhu wake oti akangane nawo pa zopanda pake amakhala alibe. Ku Benoni ndinaona kuti mkangano woterewu nawonso umadzutsa munthu m'mamawa.

Pa 24 Sepitembala, Heritage Day, utsi unali tolotolo. Abambo anazungulira moto wa braai, aliyense akulangiza mnzake katembenuzidwe ka soseji ya boerewors. Panali potjiekos, nyama ndi ndiwo zamasamba zophikidwa pang'onopang'ono mumphika wachitsulo wa miyendo itatu, womwe saloledwa kuvundula ngakhale mutafuna bwanji. Panali vetkoek, omwe ndi mandasi ndithu, kungoti amawang'amba n'kuikamo nyama yogaya. Antchito anabwera atavala za kwawo, Azulu mikanda, Abasotho mabulangete, Atsonga masiketi awo a xibelani. Achemwali anavala chitenje ndi duku, n'kuphika nsima ya ufa woyera wochokera kumudzi. Mayi wina anailawa n'kunena kuti ndi pap basi. Achemwali sanayankhe pomwepo, koma anandikokera pambali. "Achimwene, mwamva? Akuti pap. Ufa wonyika masiku, wosinja, woyanika padzuwa, akuti pap!" Mpaka lero mayiyo akamadutsa achemwali amawapatsa moni wa Gogo mwaulemu wonse, koma mlanduwo sunathe.

Bolodi lija lili ndi ngodya ina yomwe poyamba sindinaiwone. Pamenepo amamatapo chithunzi cha amene watisiya, ndi tsiku la mapemphero m'tchalitchi cha m'mudzimo. Chakumapeto kwa mudzi kuli nyumba ya odwalika, yomwe amati frail care, komwe achemwali amagwira, ndipo aliyense woyenda pa kapinga amadziwa kuti njira yake ikhoza kudzera kumeneko. Sakuopa kuitchula. Kwaya imakaimba konko, oluka amatumizako timabulangete ta pamaondo, ndipo mayi amene mwamuna wake anaiwala dzina lake amapitabe masana aliwonse kukamudyetsa. Palinso ena omwe ana awo ali ku Perth kapena ku London ndipo amawaona pa foni pokha. Amenewo komiti imawadziwa mayina, ndipo makatani akapanda kutsegulidwa m'mamawa woyandikana naye amagogoda.

Okutobala amabwera ndi jakaranda m'misewu yakale ya Benoni, mabingu a masana, ndi matalala omwe amathamangitsa anthu kukafunditsa magalimoto mabulangete. Pa 1 Okutobala, tsiku la okalamba padziko lonse, ana a sukulu amadzaimba. Gulu la oyenda pansi limakwera basi kupita ku Korsman, dziwe la mbalame lomwe lili pakati penipeni pa nyumba za ku Westdene, atakoleka zowonera patali m'khosi, n'kumatsutsana za dzina la kambalame komwe kauluka kale. Marozi odulidwa aja amachitadi zomwe analonjezedwa.

Pano mudzi uli pa nkhani ya Khirisimasi. Kwaya yayamba kuyeserera nyimbo za usiku wa makandulo, ndipo pepala la odzadya limodzi pa 25 Disembala lamatidwa kale, kuti amene sadzatengedwa ndi abale asadzadye yekha. Keke ya zipatso zouma anaiphika kale, chifukwa imafuna masabata ambiri, ndipo sabata iliyonse amaiboola ndi kamtengo n'kuithira supuni zingapo za burande kuti isaume. Udindo wosunga botolo anaupereka kwa mayi wina wa mpingo amene sanalawepo mowa moyo wake wonse, pambuyo poti chaka chatha linali m'manja mwa abambo a bowls ndipo linatha kekeyo isanakhute. Ine andilemba dzina pa onyamula mipando.