Windo la Amayi

Ndinakulira ku Kawale m'nyumba ya chipinda chimodzi ndi balaza. Katani yoyamba imene ndinaidziwa sinali ya pawindo ayi. Chinali chitenje cha amayi, cha ku David Whitehead, chimene ankachipachika pa waya usiku kuti chilekanitse mphasa ya ife atsikana ndi ya alongo athu. Kukacha ankachichotsa, n'kuchikutumula, n'kuchivala popita kumsika. Choncho pamene ine ndi amuna anga tinamaliza kanyumba kathu ku Area 49, cha ku New Shire, m'chaka cha 2019, ndinali nditawerenga kale mawindo. Analipo 9, ndipo lililonse ndinali nditalivekeratu nsalu m'maganizo mwanga.

Koma amuna anga anali ndi maganizo awonso. Ku ofesi kwawo ku Capital Hill anazolowera mabulaindi, tija tizitsulo topyapyala tondandalikana mopingasa, timene umatipendeketsa ndi kandodo n'kutikweza ndi chingwe. Tsiku lina anangotulukira nawo awiri, ogula ndi ndalama imene tinasungira makatani a pabalaza.

"Bambo, nyumba ino mwaisandutsa ofesi kodi?" ndinawafunsa.

"Mayi, dziko likupita patsogolo. Izi sachapa, sasita," anandiyankha uku akuboola khoma.

Zoti sachapa zinali zoona, koma fumbi la kwathu kuno silimva zimenezo. Kuyambira mu Ogasiti mpaka mvula itagwa, galimoto iliyonse yodutsa mumsewu wathu wadothi imatisiyira gawo lathu. Katani umaichotsa Loweruka m'mawa, kuichapa, pofika masana yauma. Bulaindi limafuna kupukuta kachitsulo kamodzikamodzi, pamwamba ndi pansi pomwe. M'miyezi ya Juni ndi Julaye kuzizira kwa Lilongwe kunkangolowa ngati kwawo, pamene nsalu yochindikala ikanakutsekereza. Usiku tikayatsa getsi, munthu woima panja ankatha kusuzumira m'mbali n'kuona wailesi yakanema, ndipo mpanda tinali tisanamange. Mwana atakoka chingwe n'kuchidula, tinasowa wokonza, chonsecho telala wokonza katani amapezeka pakhonde la golosale iliyonse.

Chimene chinkandiwawa kwambiri sichinali fumbi. Anali maso a amayi a Mvano akabwera kudzacheza. Sankanena kanthu, koma ine ndinkaona ngati ndawalandira ndilibe mpango kumutu. Kwa miyezi ingapo nkhani ya mawindo inkabuka pa chakudya chamadzulo chilichonse, mpaka tinagwirizana kuti tisaweruze nyumba yonse ndi lamulo limodzi, koma chipinda chilichonse pachokha.

Pabalaza ndinapambana ndine. Ndinakagula nsalu m'masitolo a ku Area 2, yotalika kawiri kuposa m'lifupi mwa windo kuti ipindike bwino, ndipo kuseri kwake ndinaika lesi yoyera yolola kuwala masana. Kuchipinda kwathu ndi kwa ana tinaika makatani ochindikala a kaunjika a mumsika wa Tsoka. Kubafa sikunafune kanthu poti galasi lake ndi losaonekera.

Kukhitchini ndinagonja, koma mochedwa. Mu Januwale 2022 namondwe wa Ana anaononga malo opangira magetsi a Kapichira, ndipo kwa miyezi yambiri tinkaphika ndi kudya poyatsa kandulo. Usiku wina mphepo inakankhira katani pa kandulo imene ndinaiika pafupi ndi windo. Mwamwayi ndinali pomwepo ndi ndowa ya madzi. M'mawa mwake ndinatsitsa ndekha bulaindi limodzi pamwamba pa wadilopu. Pafupi ndi moto sipafunika nsalu yolendewera, ndipo mafuta ndi utsi zimachoka pachitsulo ndi kansanza konyowa. Amuna anga sananene kuti "ndinakuuzani," koma anaimba mluzu tsiku lonse.

Bulaindi linalo linakhalabe pamwamba pa wadilopu mpaka kumapeto kwa chaka chomwecho, pamene amayi anadwala sitiroko. Atatuluka m'chipatala cha Kamuzu Central tinawatengera kwathu. Dzanja ndi mwendo wakumanja zinali zitafa, pakamwa patakhota. Tinawapatsa chipinda choyang'ana kumsewu, chimenenso chimayang'ana kolowera dzuwa, ndipo ndinawaikira katani yokongola kuposa zonse.

Apa ndi pamene nzeru zinandithera. Ndikatsegula katani, dzuwa lamasana linkawawomba kumaso, ndipo ana odutsa ankaima n'kumawayang'anitsitsa. Amayi, munthu amene anagulitsa tomato mumsika wa Kawale kwa zaka zambiri osaopa maso a aliyense, tsopano ankatembenukira kukhoma chifukwa cha manyazi. Ndikatseka, chipinda chinkada. Lesi nayo sinathandize poti maso awo okalamba ankangoona ngati nkhungu. Tsiku lina anandiitana, mawu akutuluka movutikira.

"Mwanawe, wandiika m'manda ndikupuma?"

Ndinakalirira kukhitchini. Amuna anga anandipeza komweko ndipo ndinawafotokozera. Kwathu mkamwini salowa wamba kuchipinda kwa apongozi, choncho anandituma ine kuti ndikawapemphere chilolezo. Loweruka tinawatulutsa amayi kukaothera dzuwa pakhonde, iwo n'kulowa ndi bulaindi lija. Analipachika, kenaka analumikiza kandodo kake ndi kabango kuti kafike pafupi ndi bedi, mbali ya dzanja lamanzere.

Zimene nsalu inalephera, tizitsulo tija tinatha. Tikapendekeka pang'ono, dzuwa linkatsekeka, wodutsa masana sankaona m'kati, koma amayi ankaona msewu wonse m'mipatamipata. Choposa zonse, ankatembenuza okha. Munthu amene tinkamusambitsa, kumudyetsa ndi kumutembenuza anapezanso chinthu chimodzi chochita popanda kuitana wina. Madzulo ankandiuza za tsikulo: wakabaza amene wanyamula matumba atatu a makala, mtsikana wa mandasi amene wadutsa kawiri, anyamata ovala zofiira ndi zabuluu opita kukaonera mpira ku Bingu National Stadium. Tsiku lina anamva amuna anga akudutsa pakhomo ndipo anati, "Muwauze akamwini kuti andibwezera maso."

Amayi anatisiya m'chaka cha 2024. Anzanga amene akumanga ku Area 25 ndi ku Chinsapo amandifunsa kuti chabwino n'chiti, makatani kapena mabulaindi. Kale ndikanayankha msanga. Lero ndimayamba ndawafunsa kuti m'chipindamo muzigona ndani, dzuwa limalowamo nthawi yanji, ndipo mwini chipindayo akufuna kubisala kwa yani ndi kuona chiyani. Ena amaona ngati ndikuzemba funso lawo.

Chipinda chija tsopano ndi cha alendo. Amuna anga, omwe aja okonda mabulaindi, ananena kuti mwina tibwezeretsemo katani poti tizitsulo tiwiri tinapindika. Ndinakana ndine. Loweruka lililonse, makatani a pabalaza akamauma pachingwe, ndimatenga kansanza n'kukapukuta bulaindi la amayi, kachitsulo kamodzikamodzi. Kabango kaja kadakali pomwepo.